Anatisamutsira console ya AS/400 bwinobwino, kungoti lipoti anachedwa nalo

Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa alipo ena amene akadali ndi makina akale ngati athuwa ndipo tsiku lina adzafuna kusuntha console yawo. Kuofesi kwathu tili ndi kompyuta yaikulu ya IBM yotchedwa AS/400, mtundu uja unayamba kutuluka mu 1988, yathuyi yakalamba ndithu koma ma invoice, stock ndi malipiro a antchito zonse zili mmenemo ndiye sitiiseweretsa ayi. Console yake, imene timalamulira nayo makinawo, ndi terminal (skrini ndi kiyibodi) ya zilembo zobiriwira ija, yolumikizidwa ndi kebulo ya twinax, ya mawaya awiri mkati. Mabwana anaganiza zoti terminal ichoke pamene inali ipite chipinda china chapafupi, makina enieniwo atsale pomwepo.

Ena muofesi ankati ingozulani mukalumikize uko, ndi chimodzimodzi kusuntha TV. Ine ndinakana, chifukwa console si terminal wamba. Mukamayatsa makina pamanja, manual IPL ija, kapena mukufuna kulowa mu DST (momwe muli zida zokonzera makinawo), kapena mukupanga bakapu yaikulu ya GO SAVE option 21 imene imatseka ma subsystem onse (magawo amene ntchito za makina zimayendamo), imene imakuyankhani ndi console yokha basi, ikasowa mwatsala ndi timanambala ta pa panel ya kutsogolo kwa makina tija. Ndiye tinaitana kampani ina yokonza makina akalewa.

Anabwera anthu awiri, bambo wina wachikulire ndi mnyamata wowathandiza. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'choti bambowa sanathamangire kukhudza kebulo, anayamba ndi mafunso. "Achimwene, bakapu yomaliza munapanga liti? Nanga pa kebulo imeneyi pali zinthu zingati?" Ndinawauza kuti bakapu ndi ya dzulo usiku ndipo pa kebulopo pali console yokha, iwo anati tiyeni tiilondole kaye. Anailondola kuyambira pa kabokosi ka ma port 8 kuseri kwa makina mpaka kumapeto, eti kupeza kuti pulinta ya ma invoice ili pa mzere womwewo, kebulo inadutsa kuseri kwa kabati zaka zonsezi palibe ankaikumbukira. Apa ndi pamene anandifotokozera bwino zedi kuti port imodzi ya twinax imanyamula zipangizo mpaka 7, ma adiresi ake kuyambira 0 mpaka 6, zimalumikizana ngati tcheni ndipo chomaliza chimayenera kutseka mzerewo, ukangodula pakati zonse za kutsogolo zimazima, nthawi zina ndi za kumbuyo zomwe zimayamba kuvuta chifukwa mzere watsala wosatseka. Tikanangozula ife tokha pulinta ikanaima ndipo tikanatha tsiku lonse tikuifufuza vuto pomwe ilibe vuto.

Chachiwiri chimene anatsindika ndi adiresi. Console ya twinax imayenera kukhala pa port 0, adiresi 0, pa controller (khadi yolamulira ma terminal) yoyamba, ukaiika pena imatha kuyaka ngati terminal wamba iwe nkumati zatheka, koma tsiku la manual IPL makina adzaifunafuna osaipeza. Ndiye asanazimitse kalikonse mnyamata uja analowa mu setup ya terminal nkulemba adiresi yake papepala, ya pulinta nayonso, kenako anamata timapepala pa kebulo iliyonse.

Kagwiridwe kawo kanali kodekha. Anayamba ayala kebulo yatsopano mpaka chipinda chatsopanocho zakale zikugwirabe ntchito, anaipititsa kutali ndi mawaya a magetsi ndi magetsi a machubu aja, kutalika sinali nkhani poti twinax imafika mpaka mamita 1,524 pomwe ife timangofuna ochepa chabe. Atatha anaona pa WRKACTJOB, lamulo loonetsa ntchito zimene makina akugwira, kuti pa console palibe job imene ikuyenda, tinapanga sign off, pulinta anaipanga vary off (kuichotsa kaye pa ntchito) kudzera pa lamulo la WRKCFGSTS, ndiye nkuzimitsa terminal pa switch yake komanso pakhoma asanamasule konekita. Makina enieni sanazimitsidwe, anzathu ena amene amalowa kudzera pa netiweki ankagwira ntchito osadziwa kanthu. Pomanga konekita bambo aja anachita okha, amati timapini tiwiri ta mkatimo sitichedwa kupindika munthu akakakamiza, ndipo anandiuza kuti kukanakhala ziphaliwali tsiku limenelo ntchitoyi akanaiimitsa.

Atayatsa, skrini ya sign on inabwera, dzina lake DSP01 monga kale, pulinta inabwerera, pa DSPMSG QSYSOPR, pamene makina amaonetsa mauthenga ake, panalibe uthenga wodetsa nkhawa. Ine ndinali nditakhutira kale koma iwo anati ayi, kuyaka kokha si umboni, tipangane nthawi imene anthu aweruka tiyese manual IPL. Anabweradi madzulo, tinaika makina pa manual, ndipo skrini ya IPL ndi DST inatulukira pa terminal mu chipinda chatsopanocho. Pa zonse zimene anachita, ichi ndi chimene ndinaona kuti ndalama yathu sinapite pachabe, chifukwa ambiri akanangoona zilembo zobiriwira nkutsanzika.

Zodandaula zilipo, ndipo ndizinena. Tsiku loyamba anafika mochedwa pafupifupi maola awiri osaimba foni, ife titauza kale a maakaunti kuti asasindikize kanthu mmawa wonse. Komanso sanabwere ndi T-connector (konekita yolumikizira chipangizo pa mzere) yapadera, yathu yakale inali yolowa dzimbiri pang'ono ndipo anachita kutuma mnyamata kukatenga ina, nthawi inapitanso pamenepo, kwa anthu odziwa kuti zida zimenezi sizipezeka wamba zinayenera kukhala mchikwama. Chimene chinandiwawa kwambiri ndi lipoti, analonjeza kutitumizira pepala losonyeza port, adiresi ndi njira imene kebulo yadutsa, ndinachita kuimba katatu, linafika patatha masabata awiri. Litafika linali lomveka bwino, chithunzi cha mzere wonse chili pompo, ndipo ndalimata pakhoma pafupi ndi console.

Mukawaitana, kapena mukaitana ena aliwonse, auzeni pafoni pomwe kuti abwere ndi makonekita apadera ndipo lipoti alembe asanachoke. Ife Loweruka lotsatira tinapanga option 21 kuchokera mu chipinda chatsopanocho, ma subsystem anatseka, bakapu inalembedwa pa tepi mpaka kumapeto, console ikuyankha nthawi yonseyo.