Katelesikopu ka 50mm patatha miyezi 9 ndikujambula nyenyezi kuseri kwa nyumba ku Kasungu

Ambiri munkafunsa kuti kachipangizo kaja kakuyenda bwanji, ndiye pano patha miyezi 9 chigulireni mu Epulo, ndikhoza kuyankha bwinobwino. Ndi katelesikopu kamakono kaja kolumikiza ku foni, galasi lake 50mm, kali ndi kamera mkati momwemo ndipo kamatsata nyenyezi kokha, kamajambula masekondi 10 kenaka ena 10 nkumaunjika zithunzizo pamodzi mpaka zinthu zoti maso sangaone ziyambe kutuluka.

Chomwe ndinagulira chinali Nsangwe, gulu la nyenyezi zija azungu amati Pleiades. Agogo ankatilozera tili ana ndiye mtima unali pomwepo. Koma zomwe zandigwira mtima ndi magulu a nyenyezi a kummwera, ndipo izi sindinkaziyembekezera ngakhale pang'ono.

Mu Meyi ndi Juni kumwamba kuno kumayera mbee. Ndimayika katatu miyendo kake pa njerwa pakati pa mizere ya mpiru, chifukwa pa dothi lothirira mwendo umodzi umatitimira pang'onopang'ono ndiye nyenyezi zimatuluka ngati timizere, ndinataya mausiku awiri ndisanazindikire kuti vuto ndi dothi langa lomwe. Cha m'ma 9 koloko mtanda wa kummwera uja, nyenyezi zooneka ngati mtanda, umakhala utakwera pamwamba pa mtengo wa mango, kuno tili pa madigiri 13 kummwera kwa ikweta ndiye umafika pabwino ndithu. Pambali pake pali kagulu kotchedwa Jewel Box, nambala yake pa mndandanda wa akatswiri ndi NGC 4755. Ndi maso kamaoneka ngati nyenyezi imodzi yofooka basi, koma patatha mphindi 15 pa foni panadzaza nyenyezi zobuluwira zothithikana ndipo pakati pake imodzi yofiira psuu ngati khala lamoto. Ndinadzutsa mayi akunyumba, anabwera atafunda chitenje akudandaula za kuzizira, koma anakhala chete akuyang'ana foniyo nthawi yaitali. Kuwala kumeneko kunanyamuka zaka zoposa 6,000 zapitazo. Dzinalo linachokera kwa John Herschel, katswiri wa zakuthambo yemwe ankaziona ali ku Cape, ku South Africa, m'ma 1830.

Mu Julayi ndinapita pa M7, kumchira kwa Scorpius (nyenyezi zooneka ngati chinkhanira), gulu lomwe katswiri wamakedzana Ptolemy analilemba kale cha m'ma 130 AD. Limeneli kumbuyo kwake kuli Mlalang'amba ndiye chithunzi chonse chimakhala ngati wamwaza ufa pansalu yakuda. Kungoti likakwera kwambiri pamutu ngodya za chithunzi zimayamba kuda chifukwa thambo limapotoka pomwe kamerayo siyipotoka nalo, ndiye ndimajambula lisanafike pamwamba penipeni nkudula m'mbalimo.

Za mame musazipeputse. Juni ukangokwana pakati pausiku galasi limachita nthunzi, pali kotenthetsera mkati koma mukakayatsa batire imatha msanga, ine ndimangolumikiza power bank nkuyikulunga mu sokosi. Magetsi akazima ambiri amadandaula koma kwa ine ndi mwayi, babu la aneba la pakhonde limazima, kuwala kwa ku tauni kumachepa, mausiku anga abwino kwambiri onse ndi amenewo. Anebawo ndinakawaonetsa Jewel Box pa foni, pano ndikawapempha amathimitsa babulo kwa ola limodzi.

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala ndi mavuto okhaokha, utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimapangitsa kumwamba kukhala kotuwa, nyenyezi zowala zimaonekabe koma zing'onozing'ono zija zimasowa. Fumbi pa galasi osapukuta ndi malaya chonde, gulani kopopera mpweya kaja.

Tsopano Nsangwe. Zimakwera bwino madzulo mu Disembala ndi Januwale, nthawi yomweyo ya mvula, mitambo tsiku ndi tsiku. Komanso gululi ndi lalikulu, mulitali mwake mukhoza kundandalika mwezi wathunthu kanayi, pomwe ka 50mm kamaona kadera kakang'ono, ndiye zonse sizilowa pa chithunzi chimodzi pokhapokha mulumikize zidutswa. Mu Okutobala ndinadzuka 2 koloko m'bandakucha kangapo koma utsi unandigonjetsa. Ndinapambana sabata yatha, mvula inagwa masana nkutsuka fumbi lonse, usiku kunayera kwa maola awiri. Ndinaloza pa Merope yokha, imodzi mwa nyenyezi za Nsangwe, osafuna zonse, ndipo patatha mphindi 40 chifunga chobuluwira chija chinaonekera, fumbi la m'mlengalenga lomwe likuwalitsidwa ndi nyenyezizo, pa mtunda woti kuwala kumayenda zaka pafupifupi 440.

Ndiye amene mukufuna kugula, ine ndingagulenso, koma gulani mu Epulo kuti muyambire nyengo yozizira. Mukagula Novembala kakhala mu bokosi mpaka mvula ithe. Ine pano ndikudikira Malichi, ndikufuna gulu la nyenyezi la NGC 3532 ku Carina, chigawo cha thambo la kummwera, ndipo nthambi imodzi ya mango ija ndiyenera kuidula chifukwa ikutchinga mbali yomweyo.