Hita yoyandama ya padamu la nsomba: kumapiri yandithandiza, kugombe musavutike nayo

Ndaigwiritsa ntchito zaka ziwiri tsopano nthawi yozizira ndiye ndikhoza kunenapo kanthu. Ndi kachinthu kooneka ngati mbale yovundikira, kamayandama pamwamba pa madzi, kali ndi waya wopita kusoketi ndipo mkati muli thermostat yomwe imayatsa yokha madzi akatsala pang'ono kuundana. Koma mumvetse kaye, iyi siitenthetsa damu lonse ayi. Ntchito yake ndi imodzi basi, kusiya kabowo pa ayisi kuti mpweya woipa uzituluka.

Ine ma koi, nsomba zamitundu yokongola zoweta mdamu, ndinayamba kuweta ndikukhala kugombe la nyanja yamchere, ndipo kumeneko damu silinaundanepo olo tsiku limodzi chifukwa nyanja imasunga kutentha nkumakutulutsa pang'onopang'ono, usiku sikuzizira kwambiri. Nditasamukira kumapiri ndi pomwe ndinaona zina. Ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye uwonjezere usiku wopanda mitambo uja, masana dzuwa likuwala bwinobwino koma kukacha mmawa wapeza pamwamba ponse pauma gwa. Ayisi akatseka masiku angapo, masamba omwe akuwola pansi aja amatulutsa mpweya wonunkha ngati mazira ovunda ndipo ulibe kothawira, nsomba zimabanika momwemo. Chaka choyamba ndinkaika poto wa madzi otentha pa ayisipo mmawa ulionse kuti asungunuke, zala zitachita dzanzi, ndinatopa nazo ndiye ndinagula hitayi.

Tsiku lomwe ndinaikhulupirira kunazizira moti madzi a mpayipi ya panja anaundana, koma nditapita kudamu ndinapeza kabowo kozungulira kakukula ngati beseni, madzi akuoneka, pansi ma koi anga atangoti duu pamodzi, zipsepse zikugwedezeka pang'onopang'ono. Mtima unakhala pansi abale. Pansipo ndi pomwe pamakhala pofundirako chifukwa madzi amalemera kwambiri akakhala pa madigiri 4 ndiye amatsikira pansi, ozizira zedi amakhala pamwamba. Ichi nchifukwa chake ndimaikonda hitayi kuposa pampu yamphamvu yomwe imatakasa madzi onse nkubweretsa ozizira aja pomwe nsomba zagona. Ndipo chonde musamaswe ayisi ndi hamala, kugunda kuja kumayenda mmadzi nkuvulaza nsomba.

Zomwe sizinandisangalatse zilipo. Waya ndi waufupi kwambiri, ndinachita kuitana wamagetsi kudzaika soketi yapanja yosalowa madzi pafupi ndi damu, ndipo pamenepa musachite zachidule, magetsi ndi madzi sizigwirizana. Kukakhala mphepo imakankhidwira mmbali nkumakhuza pulasitiki yoyala pansi pa damu, ine ndinaimanga ndi chingwe mbali ziwiri kuti izikhala pakati. Ilibenso kagetsi kosonyeza kuti yayaka, umangodziwa ukaona bowo. Ndipo damu likakhala losaya siingakupulumutseni, kumalo kozizira chonchi pamafunika kuya kwa mita imodzi kapena kuposa.

Tsono anzanga akugombe, ndalama yanuyo gulani themometa yabwino ya mmadzi. Vuto lanu si ayisi, ndi madzi omangosinthasintha, sabata ino madigiri 13 sabata yamawa 8, nsomba sizikugona kwenikweni komanso sizili maso kwenikweni. Zimabwera pamwamba kudzapempha chakudya, iwe chisoni nkukugwira nkuziponyera, pomwe madzi akatsika pansi pa madigiri 10 mmimba mwake chakudya sichigayika bwino ndipo chotsala chimangoipitsa madzi. Nthawi yomweyonso thupi lake limakhala lofooka koma tizilombo toyambitsa zilonda tikadali ndi mphamvu. Ine ndinataya koi wanga wamkulu, woyera wa banga lofiira pamutu, ndili kugombe konko osati kumapiri, chifukwa chomudyetsa mongoyang'ana dzuwa osayeza madzi. Mpaka lero zimandipweteka.

Kwa wokhala kumtunda komwe madzi amaundana ndikuipatsa 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha waya uja. Kukayamba kufunda ndimaitulutsa, kupukuta ndere ndi zoyera zomwe zimamatirira kunsi kwake ndi viniga pang'ono, kenako nkuisunga pouma mpaka chaka chamawa.