Uta wa compound patapita miyezi: zokalika zambiri n'zapamwamba chabe, koma cam yandidyera ndalama

Mnzathu wina wa ku kalabu yoponya mivi kuno ku Johannesburg akufuna kugula uta wa compound (wokhala ndi timawilo totchedwa cam kunsonga zonse ziwiri) wogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo wafunsa ngati zokalika zimene waona pa wanga zili zoopsa. Funsoli lafika ndili ndi lisiti ya nsinga zatsopano m'thumba, choncho mtima sunazizire.

Zabwino n'zachidule. Mphamvu yokokera ikadali mapaundi 70, let-off ya 80% (kupepuka kwa uta ukakokedwa mpaka pamapeto) imagwira bwino, ndipo mabawuti a limb (mikono yopindika ya uta) sanakhwepe.

Penti ya pa riser, gawo lapakati la uta, yasupuka pogwirira ndi pamene muvi umakhudza. Chimenechi n'thukuta ndi kukhulana basi, aluminiyamu yake ili bwinobwino. Chimene chimawononga penti ya kamofulaji msanga ndi mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET: mukadzola n'kugwira uta osasamba m'manja, penti imayamba kunanda kenako imachoka. Pa limb musangokhulupirira maso. Tengani thonje, mulipititse pang'onopang'ono m'mbali monse. Likadutsa osakodwa, kwangochoka penti. Likasiya tiulusi, fiberglass yayamba kuthetheka, ndipo utawo musaukokenso mpaka limb itasinthidwa.

Vuto lenileni linali pa cam yam'munsi. Mu kanjira kamene chingwe chimayendamo munaoneka kamzere koyera, mtundu wakuda utachoka. Pa mauta ambiri zimenezi zimachitika ndipo sizikhala kanthu. Koma apa serving, ulusi wokulunga chingwe uja, inayamba kutalikirana pamalo amodzimodzi, kenako kuchita ubweya. Phula silithandiza pamenepo, ndipo pa serving sitipakapo n'komwe. Uta utaikidwa pa bow press (chida chopanikiza limb kuti zingwe zikhwepe) chingwe n'kuchotsedwa, chikhadabo chinkakodwa m'mphepete mwa kanjirako: panali kachitsulo kakuthwa kosaoneka ndi maso. Cam nayo inali yopendekeka pang'ono, motero chingwe chinkalowa mokhotera n'kumadzikhula pomwepo nthawi iliyonse uta ukakokedwa. Kukonza kwake n'kusalaza ndi sandipepa yosalala ya 600, kuwongola cam popota mbali imodzi ya yoke (nsonga ya chingwe yogawika pawiri), n'kuika nsinga ndi zingwe zatsopano. Popanda bow press musayerekeze, limb zimakhala ndi mphamvu yothyola chala.

Wogulitsa ndiye anandikwiyitsa. Ataona zithunzi anati, "Bwana, izi n'zapamwamba chabe, waranti sikhudza penti kapena nsinga." Zoonadi, waranti zambiri za mauta zimatero. Komatu chimene chinadula serving si penti, ndi cam. Titakanganapo anavomera kusalaza cam kwaulere, nsinga ndinalipira ndekha, pamene zikasamalidwa zimayenera kutha zaka ziwiri kapena kuyandikira pamenepo.

Tsiku limene mivi ikugwera pamodzi ndimati utawu ndi wabwino, ndipo ndi wabwinodi. Ndikakumbukira lisiti ndimati ndinaugula modula. Wogula uta wakale agwiritse ntchito zokalika za pa riser potsitsa mtengo, chifukwa sizisintha kaponyedwe. Koma akumbukire kuti waranti kawirikawiri imathera kwa mwini woyamba, ndiye asanapereke ma rand ake aumirire kuti utawo ukwere pa bow press, chikhadabo chiyende m'tinjira ta cam zonse ziwiri. Wogulitsa akakana, ndalama ya nsinga ndi zingwe ichotsedwe pa mtengo.