Miyezi 9 popanda squat: zomwe tepi ya telala yandiuza

Mu Januwale ndinanena kuti ndasiya kusenza chitsulo paphewa n'kumanyonyomala nacho, masewero otchedwa squat, ndipo ndinalonjeza kudzakuuzani ngati miyendo yafota kapena ayi. Lero tili mu Okutobala. Kwa amene simunamve chiyambi chake: msana wanga, m'munsimu cha kuchiuno, unkavuta nthawi zonse ndikapitirira makilogalamu 90 pa squat. Sindinavulale tsiku limodzi ayi. Unkangouma pang'onopang'ono mpaka kumanga zingwe za nsapato m'mawa kunasanduka ntchito. Dokotala wa mafizo anati ndipumitse kaye kusenza zolemera pamsana, koma miyendo ndisaileke.

Ndiyambe ndi tepi, chifukwa galasi la mu jimu limanamiza. Ndimayeza m'mawa ndisanadye, malo amodzimodzi, masentimita 15 pamwamba pa bondo. Ntchafu yakumanja yachoka pa 54 kufika pa 57.5, yakumanzere pa 53 kufika pa 57. Thupi lonse lachoka pa makilogalamu 72 kufika pa 76. Sindikunamizani kuti zonsezo ndi minofu, pakuti lamba nayenso wasuntha bowo limodzi. Koma ntchafu zakula kuposa mmene zinakulira m'zaka ziwiri zomwe ndinkachita squat ndi msana wodandaula.

Anyamata a mu jimu yathu kuno ku Blantyre anandiseka poyamba. Wina anati, "Achimwene, popanda squat mudzakhala ndi miyendo ya kakowa." Ndinangowakumbutsa za Dorian Yates wa ku Birmingham, yemwe anapambana mpikisano waukulu wa omanga minofu wa Mr. Olympia kasanu n'kamodzi, kuyambira 1992 mpaka 1997, atasiya kale squat ya chitsulo chapaphewa chifukwa chovulala m'chiuno. Miyendo yake anaimanga pa makina: leg press (pomwe umakankha katundu ndi mapazi utakhala pampando), hack squat ndi makina a Smith. Komatu ineyo si Yates, ndipo akatswiri a msinkhu umenewo ali ndi zawo zina zomwe ife sitikhudza. Chomwe ndinatolapo n'chakuti mnofu sudziwa dzina la masewero. Umangomva kukokedwa ndi kulemedwa.

Miyezi iwiri yoyamba ndinaitaya pa leg press, ndipo wolakwa ndinali ine. Makina amenewa amakometsa munthu. Ndinkapachika mapuleti okwana makilogalamu 200, anthu n'kumacheuka, ine n'kumadziona ngati ngwazi. Chonsecho njanji yake ndi yopendekera madigiri 45, kutanthauza kuti pa katundu yense wapachikidwayo miyendo imakankha pafupifupi magawo 71 pa 100 alionse. Kuwonjezera apo ndinkangotsitsa pang'ono, bondo lisanapindike bwino ndabweza kale. Tsiku lomwe ndinayesa kutsitsa kwambiri ndi katundu yemweyo, matako anadzuka pampando, m'munsi mwa msana munapindika, ndipo ululu womwe ndinathawa pa squat unandipeza nditakhala pansi. Aphunzitsi athu, bambo achikulire osalankhulalankhula, anangoima pambali n'kunena kuti, "Bambo, chotsani mapuleti awiri mbali iliyonse, mutsitse mpaka pomwe chiuno chikufuna kunyamuka, muime pomwepo." Ndinabwerera pa 120. Manyazi ake anali a sabata imodzi. Panopa ndili pa 170, maulendo 10 mpaka 12, kutsitsa modekha, ndipo kuyambira Epulo msana sunadandaulenso pa makinawa. Tepi inayamba kusuntha mwezi womwewo.

Koma ngati mundifunsa chomwe chagwira ntchito yaikulu, ndi Bulgarian split squat. Phazi limodzi kumbuyo pa benchi, lina kutsogolo, madambelo m'manja, n'kumatsika ndi mwendo umodzi. Ndimadana nayo mpaka lero. Masabata atatu oyamba sindinkalimbitsa mwendo n'komwe, ndinkangolimbana ndi kugwa, kudzandira ngati wochokera kumowa ndi madambelo a makilogalamu 10 okha. Kenako thupi linazolowera, ndipo mpamene ndinazindikira chinthu chomwe squat inandibisira zaka zonsezi: mwendo wakumanzere unali waulesi. Wakumanja unkakwanitsa maulendo 12, wakumanzere pa 8 wayamba kale kunjenjemera. Pa miyendo iwiri wamphamvu amamusenzera mnzake osakuuza. Ndinayamba kumayambira wakumanzere, ndipo pomwe iwo walekera, wakumanja nawonso umalekera pomwepo. Kusiyana kwa sentimita imodzi kuja kwatsala theka.

Ubwino wake pa msana ndi wa masamu chabe. Panopa ndimagwira makilogalamu 24 dzanja lililonse, onse pamodzi 48, ndipo pafupifupi onse amagwera mwendo umodzi, pomwe msana ukusenza pafupifupi theka la zomwe unkasenza kale. Vuto lomwe sindinaliyembekezere ndi manja. Kuyambira pa makilogalamu 20 zala zinkatopa mwendo usanatope, mpaka ndinagula malamba okulunga pamkono. Chinanso, benchi wamba ndi yaitali kwa ine. Inkandikoka kutsogolo kwa chiuno, ndiye ndimatsamiritsa phazi pa bokosi lofupikirapo.

Leg extension, makina owongolera bondo utakhala pampando, ndinkaiona ngati ya anthu ofuna kukhala pansi n'kumaseweretsa foni. Ndinalakwa. Kutsogolo kwa ntchafu kuli minofu inayi, ndipo umodzi mwa iyo, rectus femoris, umadutsa pachiuno ndi pabondo pomwe. Ukamanyonyomala, mbali imodzi ukufupika pomwe ina ukutalika, choncho sugwira ntchito kwenikweni, kaya ndi pa squat kaya pa leg press. Umagwira ukamawongola bondo chiuno chili phee. Ndinaona umboni wake mu Juni, waya wa makinawo utaduka n'kukhala masabata asanu ndi awiri osakonzedwa. Mzere wapakati pa ntchafu womwe unayamba kuoneka unazimiririka, ndipo unabwerera makinawo atakonzedwa. Apa mpomwe pali kufooka kwa njira yonseyi: chitsulo ndi mapuleti sizifa, koma waya ukaduka umadikira eni jimu.

Kumbuyo kwa ntchafu nkhani yake ndi yofanana. Squat sikufikako mokwanira, ndipo zaka zonsezo ndinkangoganiza kuti kukukula nawo. Tili ndi leg curl (makina opindira bondo) ziwiri, yogona chafufumimba ndi yokhala. Ndinasankha yokhala chifukwa cha kafukufuku wa ku Japan wa mu 2021, wa Maeo ndi anzake, pomwe munthu aliyense ankachita mwendo umodzi chokhala, winawo chogona, kwa masabata 12. Chokhala chinakulitsa minofu ndi magawo 14 pa 100, chogona 9. Chifukwa chake n'chakuti ukakhala chiuno chimapindika, mnofu n'kuyamba ntchito uli wokokeka kale. Ine ndilibe makina ojambulira m'kati mwa thupi, koma kumbuyoku n'komwe thalauza linayamba kuthina. Mu Meyi ndinawonjezerako Romanian deadlift (kuwerama m'chiuno msana uli wowongoka) ya madambelo opepuka, mwamantha, ndipo msana unalola.

Akatumba a m'munsi mwa bondo ndiye ayi. Anali 36, ali 36.5. Ndimawasiyira kumapeto nditatopa kale, ndiye sindingawaimbe mlandu.

Za chakudya ndinene mwachidule. Akatswiri amati pafupifupi magalamu 1.6 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku, kwa ine ndi cha m'ma 120. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6, ndiye mungaone nokha kuti mazira okha angakugwetseni m'ngongole. Ndimadalira soya pieces, usipa, nyemba ndi chambiko, nkhuku ikapezeka. Nsima sindinachepetse, n'chifukwa chake lamba uja wasuntha.

Tsopano zomwe ndataya. Choyamba ndi nthawi. Kale tsiku la miyendo linali mphindi 45: squat, kenako kanthu kena kamodzi, basi kunyumba. Lero ndi ola ndi mphindi 10, kawiri pa sabata, chifukwa zomwe squat inkandipatsa pamodzi ndikuzitola chimodzichimodzi, ndipo Lolemba madzulo pa leg press pamakhala mzere ngati wa pachigayo. Chachiwiri ndinachiona mu Seputembala nditayesa squat mwachidwi chabe. Makilogalamu 80 anandigwedeza. Miyendo inali ndi mphamvu yotsala, koma mimba ndi msana zinaiwala kugwira chitsulo, ndipo ndinkapendekera kutsogolo ngati wongoyamba kumene. Amene cholinga chake ndi kunyamula squat yolemera, kapena kupikisana pa powerlifting (mpikisano wonyamula zitsulo zolemera), njira yangayi simuthandiza. Squat imafuna kuichita kuti uidziwe.

Kunja kwa jimu ndiye kwandidabwitsa. Mu Ogasiti tinakwera Mulanje kuchokera ku Likhubula mpaka ku Chambe. Amene anakwerapo akudziwa kuti chowawa si kukwera koma kutsika, pomwe mwendo umodzi umalandira thupi lonse pa mwala uliwonse. Ulendo wapitawo mawondo ankanjenjemera tisanafike n'komwe pakati, ndipo masiku atatu otsatira ndinkatsika masitepe chammbali. Ulendo uno ndinatsika ndi chikwama kumsana, mawa lake n'kupita kuntchito. Ndikukhulupirira kuti ndi Bulgarian ija, pakuti kutsika phiri n'chimodzimodzi kutsikira pa mwendo umodzi kambirimbiri.

Ndipitiriza chonchi mpaka Malichi, kenako ndidzayesa kubwezeretsa squat yopepuka kamodzi pa sabata, ya makilogalamu 60, kuti thupi lisaiwaliretu. Akatumba ndawasamutsira koyambirira kwa tsiku la miyendo. Mathalauza awiri a kuntchito ali kwa telala yemwe anandibwereka tepi uja, akuti nsalu yotsala m'mphepete ingokwana kuwonjezera kamodzi kokha.