Khansa ya m'mapapo: CT kapena kuyeza magazi?

Anthu ena akamva kuti khansa ya m'mapapo ingadziwike pongotenga magazi pang'ono pamkono, amaganiza kuti makina ojambula mapapo atha ntchito. Sanathe ayi.

CT ndi makina ojambula m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane kuposa X-ray wamba, ndipo CT ya mphamvu yochepa ndiyo ili ndi umboni woti imapulumutsa miyoyo. Kafukufuku wa NLST ku America, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anatsata anthu oposa 53,000 osuta fodya kwambiri kapena amene anasiya, ndipo imfa za khansayi zinachepa ndi 20 peresenti poyerekeza ndi ojambulidwa X-ray wamba. Wa NELSON ku Netherlands ndi Belgium anapeza kuti imfazi zinachepa ndi 24 peresenti mwa amuna. Koma CT imaona kadontho kalikonse. Mu NLST, pa zotsatira 100 zokayikitsa, pafupifupi 96 sizinali khansa. Kwathu kuno, komwe TB yasiya zipsera m'mapapo mwa anthu ambiri, vutoli si laling'ono, komanso makinawo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zochepa chabe.

Kuyeza magazi kulipo kwamitundumitundu. Galleri, ya kampani ya GRAIL, imafufuza tizidutswa ta DNA timene chotupa chimataya m'magazi, ndipo kawirikawiri sinamizira munthu wabwinobwino kuti akudwala. Chondidetsa nkhawa n'chakuti kachotupa kakang'ono kamataya DNA yochepa zedi, motero khansa yongoyamba kumene, imene madokotala angathe kuichotsa ndi opaleshoni, ndi imene imaphonyedwa kwambiri. EarlyCDT-Lung imayang'ana asilikali a m'thupi amitundu 7 amene thupi limapanga likazindikira chotupa. Anaiyesa ku Scotland pa anthu pafupifupi 12,000, koma aliyense wopezeka ndi chizindikiro ankapitabe ku CT. Za CEA ndi CYFRA 21-1, zizindikiro zina za khansa zimene amayeza m'magazi, musadalire konse, zimakwera ndi matenda enanso, ndipo CEA imakwera ngakhale chifukwa chosuta fodya chabe.

Kwa ine, ngati muli ndi zaka 50 mpaka 80 ndipo mwasuta paketi tsiku lililonse kwa zaka 20, sankhani CT. Magazi akhale othandiza dokotala kuweruza kadontho kooneka pa chithunzi. Zotsatira zabwino za magazi zisakugonetseni tulo.

Ndipo ngati chifuwa sichikutha, makhololo ayezedwa TB osapezeka, kapena mwamaliza mankhwala a TB koma mukuondabe ndi kutsokomola magazi, nthawi yosankha yadutsa. Bwererani kuchipatala mukafunse za khansa mosabisa, ndipo mupemphe kuti akutumizeni kokajambula mapapo.