Ya ku Maputo, za ku Malawi kapena WhatsApp: nkhani za korona tinkazimvera kuti?

Ife a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga tikangopotoza kabatani ka wailesi timamva mayiko awiri. Mu 2020 zimenezi zinatisokoneza, chifukwa nthenda inali imodzi koma aliyense ankaifotokoza molingana ndi ndale za kwawo.

Ndiyambe ndi yathu. Wodwala woyamba ku Mozambique anapezeka pa 22 Malichi 2020, ndipo pa 1 Epulo estado de emergência, malamulo apadera a nthawi ya ngozi amene Pulezidenti Nyusi analengeza, inayamba. Rádio Moçambique, kudzera ku nthambi yake ya ku Tete imene imalankhulanso Chinyanja ndi Chinyungwe, inali yodalirika pa chinthu chimodzi: lamulo. Sukulu zatsekedwa mpaka liti, m'chapa (minibasi) mukwere angati, kumaliro mupite angati, apolisi akugwirani pa chiyani. Ziwerengero za unduna wa zaumoyo zinkabwera tsiku ndi tsiku, popanda phokoso. Koma wailesi ya boma imanena zimene boma lanena n'kuthera pomwepo. Boma litapempha madola 700 miliyoni kwa abwenzi akunja, amene ankafunsa mwamphamvu kuti ndalamazo zikuyenda bwanji anali manyuzi osakhala a boma, monga Savana ndi Canal de Moçambique. Vuto lake, amalemba Chipwitikizi cha ku Maputo, ndipo mlimi wa mbatatesi ku Dómuè sawaona n'komwe. Maofesi a Canal anatenthedwa pa 23 Ogasiti chaka chomwecho. Nkhani yake sinali ya korona, komabe mtolankhani aliyense wofuna kufunsa za ndalama za boma anamva uthengawo.

Za ku Malawi ndiye zinkakoma m'khutu. Chilankhulo n'chathu, mafoni a omvera amalowa, nduna imafunsidwa mpaka kuchita chibwibwi. Chimene ambiri kuno sitinkachiganizira n'chakuti anzathuwo anali pakati pa chisankho. Khoti linali litafafaniza zotsatira za 2019 pa 3 Febuluwale, ndipo mavoti atsopano ankayembekezeka pakati pa chaka. MBC inkaimba nyimbo ya DPP ya a Mutharika, pamene Zodiak ndi Times ndi kumene otsutsa ankapezako mpata. Kumbali ya otsutsa kunkamveka mawu akuti boma likukuza nthendayi kuti chisankho chilephereke. Boma litalamula kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, khoti linaletsa kutatsala tsiku limodzi, gulu lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litakadandaula. Misonkhano ya ndale inapitirira, khamu lili thithithi, mbali zonse ziwiri.

Ndiye taganizirani munthu wa ku Calómuè amene akumva zimenezi m'mawa, masana n'kukumana ndi wapolisi wa kwathu akumufunsa masiki. Mkangano wa DPP ndi MCP unali wa eni ake, koma chikayiko chimene unabala chinawoloka malire popanda pasipoti.

A Chakwera atapambana pa 23 Juni, mipando inasinthana. Amene ankakayikira dzulo ndi amene anayamba kuchenjeza anthu, makamaka nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zitamwalira tsiku limodzi pa 12 Januwale 2021. Apa ndiyenera kuwapatsa ulemu wawo atolankhani a kutsidya: nkhani ya kusakazidwa kwa K6.2 biliyoni yolimbana ndi korona anaikakamira osaisiya, mpaka nduna ya zantchito a Ken Kandodo inachotsedwa mu Epulo 2021. Pa nkhani yotsata ndalama, Zodiak ndi Times zinaiposa kutali wailesi yathu. Ngakhale za mabasi a Amalawi ochokera ku Joni, amene ankadutsa m'dera lathu lomwe kuchokera ku Cuchamano mpaka ku Zóbuè, ambiri tinazidziwa bwino pamene mazana a iwo anathawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, kumene anawasunga chifukwa cha korona, mu Meyi 2020, wailesi za kumeneko n'kusokosera.

Ine ndikanati ndisankhe imodzi yokha pa nthawi ya mliri, ndikanatenga Rádio Moçambique, osati chifukwa imanena zonse ayi, koma chifukwa lamulo limene lingakutsekere m'chitolokosi ndi chipatala chimene chingakulandire zili mbali ino. Za ku Malawi n'zomvera madzulo, munthu akukumbukira kuti wolankhulayo ali ndi chipani chake.

WhatsApp ndi Facebook sindingaziike pa muyezo umodzi ndi wailesi. Ubwino wake ndi umodzi, kuti m'bale wa ku Moatize kapena ku Joni ankakuuza msanga za amene wadwala. Zotsalazo zinali ndale za mayiko ena zovala malaya a uphungu: chakumwa cha ku Madagascar chimene ankati chimachiza korona, a Magufuli a ku Tanzania ndi nkhani yawo yoyezetsa papaya ndi mbuzi. Katemera atayamba kuno pa 8 Malichi 2021, wa Sinopharm wochokera ku China, kutsidya ankabaya AstraZeneca, ndipo m'magulu a pafoni nkhani inasanduka ya China ndi azungu. Mu Meyi boma la Malawi linatentha poyera katemera pafupifupi 20,000 ku Lilongwe chifukwa masiku ake anali atatha. Zithunzi za moto uja zinafika m'mafoni athu mwamsanga, chifukwa chake chitatsalira m'njira.