Mozal ndi Desh Garments: Ndalama Zakunja Zimasiyanji M'dziko?

Mozal, fakitale yosungunula aluminiyamu pafupi ndi Maputo ku Mozambique, inayamba kugwira ntchito mu 2000 ndi ndalama zoposa madola 1 biliyoni zochokera ku makampani akunja a Billiton ndi Mitsubishi, komanso IDC, bungwe la boma la South Africa lotukula mafakitale. Ufa wa alumina, wopangira aluminiyamu, unkabwera pa sitima kuchokera ku Australia, magetsi ochuluka zedi ankausungunula m'miphika ikuluikulu, ndipo zitsulo zinkakwezedwanso pa sitima. Katundu wotumizidwa kunja anachuluka kwambiri, koma ntchito zachindunji zinangopitirira pang'ono 1,000, ndipo msonkho unali 1 peresenti yokha ya zogulitsa. Makina otere safuna manja ambiri, ndipo mmisiri wophunzira pa miphika imeneyi sangakatsegule fakitale yakeyake.

Ku Bangladesh kunali kosiyana. Mu 1979 kampani yosoka zovala ya Desh Garments inagwirizana ndi kampani ya Daewoo ya ku South Korea, ndipo antchito 130 a Desh anapita ku mzinda wa Pusan m'dzikolo kukaphunzira. Sanaphunzire kusoka kokha ayi: anaphunzira kudula nsalu zambiri nthawi imodzi, kuyala mzere wa makina kuti kolala ndi mikono zifike pamodzi, kuyendera msoko uliwonse, ndiponso kumaliza katundu pa tsiku lopangana ndi wogula. Pambuyo pake 115 mwa iwo anachoka n'kukayambitsa kapena kuyendetsa makampani ena a zovala. Lusolo linafalikira chifukwa makina osokera ndi otsika mtengo.

Njira imeneyi ndiyo yabwino pomanga mafakitale, ngakhale ili ndi chilonda chake: malipiro ochepa, komanso nyumba zosalimba ngati Rana Plaza, nyumba ya mafakitale a zovala ku Bangladesh yomwe inagwa mu 2013 n'kupha anthu oposa 1,100.